Kusankha hita ya m'galaja yolumikizana ndi nyumba

Ndinakulira ku Dedza, kumene mu Juni ndi Julayi madzi a m'ndowa amaluma zala m'mawa, ndiye nditafika kuno ku Leeds, ku England, ndinkadziyesa katswiri wa chisanu. Chinandichotsa mwano ndi galaja. Ndinaikamo makina anga osokera mu Okutobala, zinthu zikuyenda bwino, koma Januwale atafika ndinaona kuti chisanu cha kwathu chimathawa dzuwa likatuluka, pomwe cha kuno chimagona mu simenti n'kumakwera m'miyendo tsiku lonse.

Ambiri a ife kuno galaja sitimasungamo galimoto yokha. Wina amalukiramo anthu tsitsi, wina amakonzeramo njinga, wina ndi momwe amalongedzeramo katundu wotumiza kumudzi. Ndikunena galaja yogundana ndi nyumba, ija ili ndi chitseko cholowera kukhitchini kapena kukhonde la m'kati, nthawi zina chipinda chogona ana chili pamwamba pake penipeni. Galaja yotere si shedi ya kuseri. Chimene mwayatsa m'menemo, a m'nyumba nawonso amachipuma. Muzikumbukira zimenezi pa sitepe iliyonse.

Sitepe 1: Mukufuna kutenthetsa chiyani?

Funsoli likumveka lachibwana koma ndi limene limapulumutsa ndalama. Pali anthu atatu osiyana amene amapita kukagula hita ya m'galaja.

Woyamba amakhala malo amodzi, pa tebulo kapena pa makina, kwa ola limodzi kapena awiri madzulo. Ameneyu safunika kutenthetsa galaja, afunika kutenthetsa thupi lake. Wachiwiri amagwiramo ntchito tsiku lonse, mwinanso amalandiriramo makasitomala, ndiye mpweya wonse uyenera kufunda. Wachitatu salowamo kawirikawiri, amangofuna kuti mapaipi a madzi asaundane n'kuphulika, kapena penti ndi guluu zisawonongeke. Kwa iyeyu madigiri 5 mpaka 7 ndi okwanira.

Dzifunseninso ngati galimoto izigonabe momwemo. Ngati izigonamo, muli petulo, ndipo chilichonse chokhala ndi lawi lamoto chatuluka kale pa mndandanda. Komanso galimoto yobwera ndi mchere umene amathira m'misewu nyengo yozizira imachita dzimbiri msanga ikamagona pofunda ndi ponyowa. Galimoto simva chisanu ngati inu, musaiwonongere magetsi.

Sitepe 2: Tsekani mipata musanagule kalikonse

Apa ndi pamene ambiri timalumpha, ine ndemwe ndinalumpha. Kuika hita m'galaja yolowa mphepo n'chimodzimodzi kutungira madzi m'dengu.

Tsekani chitseko chachikulu masana, zimitsani nyale, ndipo muime m'katimo. Paliponse pamene mukuona kuwala, mphepo ikulowera pomwepo. Nthawi zambiri ndi pansi pa chitseko ndi m'mbali mwake. Labala womata pansi ndi timaburashi ta m'mbali zimapezeka m'masitolo a zomangira ngati B&Q, Wickes kapena Screwfix, ndipo si zodula poyerekeza ndi bilu ya magetsi. Chitseko cha malata chija ndiye mbala yaikulu, chifukwa chitsulo chopyapyala sichisunga kutentha m'pang'ono pomwe. Mutha kumata kumbuyo kwake zotetezera kuzizira zopepuka. Ndikuti zopepuka chifukwa masipuling'i a chitseko anawatchera molingana ndi kulemera kwake. Mukachilemetsa kwambiri chimayamba kuvuta kutsegula kapena kugwa chokha.

Pansi ikani mphasa ya labala kapena kapeti yakale pamene mumaponda. Mapazi akafunda, thupi lonse limasiya kudandaula.

Koma pali mabowo ena oti musawakhudze. Ngati boila ya nyumba, ija imatenthetsa madzi ndi zipinda, kapena mita ya gasi ili m'galaja, timabowo tolowetsa mpweya timene anasiya pakhoma tili ndi ntchito yake. Musatitseke musanafunse munthu wa gasi.

Ndiye pali chitseko cholowera m'nyumba. Malamulo a zomangamanga ku England amati chitseko cha pakati pa galaja ndi nyumba chikhale chotha kupirira moto kwa mphindi 30, chija amachitcha FD30, ndipo chizidzitseka chokha. Amatinso pakhomopo pakhale potukuka ndi mamilimita 100, kapena pansi pa galaja patsetserekere kunja, kuti mafuta akatayika asayenderere m'nyumba. Ndaonapo anthu akuchitchinjiriza ndi njerwa kuti kutentha kwa kukhitchini kuzilowa m'galaja. Mukatero mwachotsa chitetezo chonse, ndipo boila yanu ikutenthetsa msewu.

Sitepe 3: Yezani, muwerengetse

Tengani tepi. Galaja ya galimoto imodzi kawirikawiri imakhala pafupifupi mamita 3 m'lifupi ndi 6 m'litali, kutanthauza masikweya mita 18. Za nyumba zakale zimachepa kuposa apa.

Kawerengedwe kachidule kamene anthu amagwiritsa ntchito ndi mawati 100 pa sikweya mita iliyonse, ngati makoma ndi denga zili ndi zotetezera kuzizira. Pa masikweya mita 18 ndiye mawati 1,800, tingoti hita ya 2 kW. Koma magalaja ambiri kuno anamangidwa ndi mzere umodzi wa njerwa, opanda chilichonse m'kati. Yotere ingafune kuwirikiza kawiri, ndipo mwafika pa 3.6 kW, zimene soketi wamba singakwanitse. N'chifukwa chake sitepe 2 imabwera sitepe 3 isanafike.

Mukaona hita yolembedwa ma BTU m'malo mwa ma kW, makamaka za gasi ndi zochokera ku America, dziwani kuti 1 kW ndi pafupifupi ma BTU 3,400 pa ola.

Werengetsaninso thumba. Hita ya 2 kW ikayaka ola lathunthu imadya mayuniti 2. Onani pa bilu yanu mtengo wa yuniti imodzi, poti umasintha Ofgem, bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi kuno, ikasintha malire a mitengo. Tiyerekeze kuti ndi 25p: maola 4 pa tsiku ndi mayuniti 8, omwe ndi £2. Masiku asanu pa sabata, £10. Pakutha pa mwezi mwadutsa £40. Ngati ntchito imene mumagwira m'galajamo sibweza ndalama imeneyi, bwererani ku sitepe 1 mukaganizenso.

Sitepe 4: Onani magetsi amene alipo

Pulagi ya kuno ili ndi fyuzi yosapitirira 13 A, magetsi ake ndi 230 V. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza mawati pafupifupi 3,000. Amenewo ndiwo malire a chilichonse cholowa mu soketi. Hita ya 3 kW ndiye kuti ikukankha pulagi mpaka pamapeto kwa maola ambiri, ndipo soketi yakale yolobodoka imayamba kutentha n'kuda. Ine ndimakonda 2 kW pa soketi wamba.

Werengani masoketi a m'galajamo, muone zimene zalumikizidwa kale. M'nyumba zambiri galaja ili ndi soketi imodzi kapena ziwiri zimene anangokoka kuchokera kukhitchini, ndipo pomwepo pali firiji ya nsomba ndi makina ochapira. Mukawonjezera hita, magetsi amathima, n'kudzazindikira patapita masiku awiri kuti chambo chonse chimene munabwera nacho chasungunuka.

Hita ilowe molunjika mu soketi ya pakhoma. Ekisitenshoni ayi, makamaka ija yokulunga pa gudumu, chifukwa waya wokulungidwa amatentha mpaka kusungunula pulasitiki. Onetsetsaninso kuti masoketi a m'galaja ali pansi pa RCD ya 30 mA, kaswitchi kaja kamene kamadula magetsi msanga munthu akagwidwa shoko. Pa simenti yonyowa kameneka ndi moyo.

Mukafuna hita yoposa 3 kW, imafunika waya wakewake kuchokera ku bokosi lalikulu la magetsi. Ku England ntchito yokoka waya watsopano wotere ili pansi pa gawo la malamulo lotchedwa Part P, ndipo iyenera kulembetsedwa. Itanani wamagetsi wovomerezeka akupatseni satifiketi. Mlamu wanu amene ankakonza mawailesi ku Ndirande angaidziwedi ntchitoyo, koma a inshulansi moto ukabuka adzafuna pepala.

Sitepe 5: Chotsani zonse zoyaka ndi lawi zopanda chumuni

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene anthu amafera.

Tonse tinamvapo za banja limene linagona ndi mbaula m'nyumba usiku wozizira osadzukanso. Chimene chimapha si utsi umene mumauona, ndi mpweya wotchedwa carbon monoxide, wopanda mtundu, wopanda fungo. Umatuluka pamene makala, gasi, palafini, dizilo kapena petulo zikuyaka mopanda mpweya wabwino wokwanira. Zizindikiro zake zimanamiza: mutu, chizungulire, mseru, kufooka. Munthu wa kwathu amangoti mwina ndi malungo, koma thupi silitentha. Mukaona kuti mutu umayamba mukakhala m'galaja n'kusiya mukatuluka panja, kapena onse m'nyumba mwadwala nthawi imodzi, zimitsani, tsegulani zitseko, tulukani, ndipo wina akakomoka imbani 999.

Galaja yolumikizana ndi nyumba ili ndi vuto lina lapadera. M'nyumba mukafunda, mpweya wotentha umakwera n'kutulukira kumwamba, ndipo nyumbayo imakoka mpweya wina kuchokera pansi kuti ulowe m'malo. Wina mwa mpweya umenewo umachokera m'galaja, kudzera pansi pa chitseko, m'ming'alu ndi m'mabowo a mapaipi. Inu mutha kuzimitsa hita n'kukagona, koma zimene yatulutsa zikukutsatirani.

Ndiye mbaula ndi chowotchera nyama cha makala, ayi, ngakhale chitseko chikhale chotsegula pang'ono. Mahita a gasi ooneka ngati mzinga, aja amalira ngati ndege, anapangira malo omanga nyumba kumene mphepo imangodutsa. Ayi. Jenereta m'galaja, ayi. Izi ndikunena makamaka abale a ku Johannesburg, kumene Juni ndi Julayi amazizira kwambiri usiku ndipo magetsi a Eskom akathima munthu amakopeka kuilowetsa m'kati poopa akuba.

Chovuta kukana ndi hita ya gasi ya m'kabati, ija ili ndi matayala ndi silinda ya makilogalamu 15 kumbuyo. Imeneyi ndinagulapo. Imafunditsadi msanga. Koma patatha milungu itatu ndinapeza masizasi anga ali ndi madontho a dzimbiri, nsalu zikununkha chinyontho, madzi akudontha kuchokera ku chitseko cha malata. Ndinkaganiza kuti denga likudontha. Ayi ndithu, madziwo ankachokera mu hita. Gasi akamayaka amatulutsa nthunzi: kilogalamu imodzi imapereka madzi opitirira lita ndi theka. Silinda imodzi ya makilogalamu 15 ndiye kuti mwathira m'galaja madzi oposa chigubu cha malita 20. Palafini nayenso amachita zomwezo. Kuti nthunzi ndi mpweya woipa zituluke muyenera kutsegula zenera, ndipo mukatsegula zenera kutentha kumene mwalipira kukutulukira pomwepo.

Palinso china. Gasi wa butane, wa m'masilinda a hita zimenezi, amavuta kutuluka kukazizira kufika pa madigiri 0, ndiye tsiku limene mukumufunitsitsa ndi limene amakana. Ndipo gasi wa m'silinda ndi nthunzi ya petulo zonse zimalemera kuposa mpweya, zimayenda chokwawa pansi. Hita ya matayala lawi lake lili pansi pomwepo. Ku America malamulo amati chilichonse chotha kuyatsa moto m'galaja chikhale mainchesi 18 kuchokera pansi, pafupifupi masentimita 45, pa chifukwa chimenechi.

Kodi ndiye kuti gasi ndi woletsedwa? Ayi. Zilipo hita za gasi zomangirira pakhoma, zimene zimakoka mpweya panja n'kutulutsanso utsi panja, moto wake uli wotsekeredwa. Zimenezi n'zabwino pa galaja yaikulu yogwiramo ntchito tsiku lonse. Koma kuno woika chipangizo cha gasi ayenera kukhala wolembetsedwa ku Gas Safe Register, ndipo muli ndi ufulu womuuza akuonetseni khadi lake. Mahita a dizilo otchipa amene adzaza pa intaneti anapangira magalimoto ndi maboti. Anthu amawaika m'magalaja, inde, koma paipi ya utsi ikangolobodoka pang'ono utsi wonse uli m'kati. Pansi pa chipinda cha ana, ine sindingaike.

Sitepe 6: Sankhani pakati pa za magetsi

Choyamba, musanamizidwe ndi otsatsa malonda. Hita iliyonse ya magetsi yotenthetsa ndi waya imasandutsa yuniti imodzi ya magetsi kukhala yuniti imodzi ya kutentha. Ya £20 ndi ya £200 pamenepa n'zofanana. Zimasiyana pa mmene zimaperekera kutenthako.

Kwa munthu woyamba uja, wokhala malo amodzi, yankho ndi hita ya infrared yomangirira pakhoma kapena kudenga. Imagwira ntchito ngati dzuwa la m'mawa mu Julayi: mpweya ukadali wozizira koma msana wanu ukumva kutentha. Siitenthetsa mpweya, imatenthetsa chimene yalozedwa, ndiye mukatsegula chitseko chachikulu simutaya zambiri. Ya 1.2 kW kwa maola awiri ndi mayuniti 2.4, pa mtengo uja ndi 60p basi. Kuipa kwake n'kwakuti mukachoka pamene yaloza chisanu chikulandirani, ndipo miyendo imene ili pansi pa tebulo siilandira kanthu. Zija zofiira ngati makala zimatentha kwambiri kumaso kwake, choncho pamene pali fumbi la matabwa kapena ulusi wouluka sankhani ya mtundu wa bolodi, yosawala. Ine ndi imene ndili nayo tsopano.

Wofuna mpweya wonse ufunde msanga atenge hita ya fani, koma ya m'mashopu ogwirira ntchito, ya thupi lachitsulo, osati kapulasitiki ka kuchipinda. Pa mphindi zochepa mwayamba kuvula jekete. Imasokosa, imaulutsa fumbi, ndipo mukangozimitsa kuzizira kwabwerera. Wopenta kapena wopaka vanishi imuwonongera ntchito.

Hita ya mafuta, yooneka ngati radiator ya matayala, ndi yofatsa. Mafutawo sayaka, ali otsekeredwa m'kati, amangosunga kutentha. Ilibe phokoso, ilibe waya wofiira poyera. Kwa oluka tsitsi, amene kasitomala amakhala pampando maola asanu, ndi yabwino, bola galajayo ikhale yotsekedwa bwino. M'galaja yolowa mphepo mudzaikumbatira ngati mwana koma osamva kanthu. Iyatseni theka la ola kasitomala asanafike.

Kwa munthu wachitatu, wongoteteza mapaipi, pali hita zooneka ngati paipi, za mawati 60 mpaka 240. Yomangirira pansi pa mapaipi kapena pafupi ndi boila, yokhala ndi thermostat, kachipangizo koiyatsa kukazizira ndi kuizimitsa kukafunda, imakwanira. Musayembekezere kuti ikufunditsani.

Pomaliza pali heat pump, imene kwathu timangoti eyakoni, ya bokosi limodzi m'kati lina panja. Iyi yokha ndiyo imaphwanya lamulo lija, chifukwa siipanga kutentha, imakutenga panja n'kukulowetsa m'kati. Pa yuniti imodzi ya magetsi imapereka pafupifupi mayuniti atatu a kutentha. Kugula ndi kuikitsa n'kodula, ndipo woika ayenera kukhala ndi satifiketi ya F-gas, ya ogwira ntchito ndi gasi wa m'mafiriji ndi m'maeyakoni. Ngati nyumbayo ndi yanu, galaja ndiye ofesi yanu ya tsiku ndi tsiku, ndipo makoma mwawakonza, imabweza ndalama zake. Ngati muli pa lendi, iwalani.

Ena amafunsa zokoka radiator kuchokera ku boila ya nyumba. Zimatheka, koma galaja yozizira imameza kutentha kochuluka, ndipo mukapita kumudzi pa Khirisimasi boila ili yozimitsa, paipi ya m'galaja ndi imene imayamba kuundana.

Sitepe 7: Zoyang'ana pa bokosi

Thermostat ikhalepo, kuti hita izidzizimitsa kukafunda. Ikhale yodzidula ikatenthetsa, ndipo ngati ndi yoimika pansi, yodzidula ikagwa. Onani nambala ya IP: IPX4 kapena IP24 ikutanthauza kuti madzi odonthera kapena owazikira saivulaza, zimene m'galaja n'zofunika. Chizindikiro cha CE kapena UKCA, chonena kuti katunduyo akutsata malamulo a chitetezo, chikhalepo, pulagi ikhale ya mano atatu ya fyuzi. Yobwera ndi pulagi yachilendo ndi adaputala, ibwezeni.

Za kaunjika pa Facebook ndimagula zambiri, koma hita ayi. Simudziwa kuti inagwa kangati.

Sitepe 8: Kuika, ndi sabata yoyamba

Ngati muli pa lendi, lemberani landilodi musanabowole khoma, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Ngati mumachitiramo bizinesi, a inshulansi adziwe.

Siyani mpata wa mita imodzi pakati pa hita ndi chilichonse chotha kuyaka: makatoni, nsalu, mawigi, matumba a zovala zotumiza kumudzi. Yomangirira pakhoma tsatirani mipata imene yalembedwa m'kabuku kake, makamaka wa pakati pa hita ndi siling'i. Musayanikepo zovala. Zigubu za petulo, thina ndi penti zipite kutali, makamaka kushedi ngati muli nayo. Lamulo la kuno limalola kusunga petulo wosapitirira malita 30 pakhomo popanda kudziwitsa akuluakulu, koma kuloledwa sikutanthauza kuti akhale pafupi ndi hita. Mabatire a njinga za magetsi nawonso asatchajidwire pafupi nayo.

Ikani alamu ya carbon monoxide yolembedwa EN 50291 m'nyumba, pafupi ndi chitseko chochokera m'galaja, ndi ina m'chipinda cha pamwamba pake ngati chilipo. Iikeni ngakhale hita yanu ili ya magetsi, poti galimoto yolizidwa m'galaja m'mawa imatulutsa mpweya womwewo. M'galaja mwenimwenimo ikani alamu yomva kutentha m'malo mwa yomva utsi, chifukwa ya utsi imalira ndi fumbi lililonse mpaka mumatopa nayo n'kuichotsa batire.

Tsiku loyamba yatsani hita kwa theka la ola, kenaka zimitsani, zulani pulagi, muigwire. Kufunda pang'ono si vuto. Ikakhala yotentha moti simungaigwire, kapena mukamva fungo ngati la nsomba yowola kapena pulasitiki wopserera, soketiyo yatha, musaigwiritsenso ntchito mpaka wamagetsi aione. Pachikani kachipangizo koyezera kutentha pakhoma, kutali ndi hita, ndipo mutchere thermostat pa madigiri 12 mpaka 15 ngati ntchito yanu ndi yoyendayenda. Wokhala pansi angafune 17 kapena 18. Lembani nambala ya pa mita Lolemba m'mawa ndi Lolemba linalo, muyerekeze ndi sabata imene hita kunalibe. Kusiyana kwake mukuchulukitse ndi mtengo wa yuniti, kenaka ndi masabata a kuyambira Novembala mpaka Malichi. Ndalamayo ikakhala yoposa imene munakonzekera, risiti ikadali m'thumba, ndipo masitolo ena amalandira katundu wobwezedwa m'masiku oyambirira, makamaka bokosi mukalisunga.